Mabisiketi Amene Ndinkapatsa Bambo

1

Dzina langa ndine Fumie Kuwahara. Ndili ndi zaka 54 ndipo sindinakwatiwepo. Mutafika mumsewu wathu kuno ku Sakata n'kufunsa za ine, angakuuzeni zinthu ziwiri: kuti ndine mwana wabwino amene anasiya zake zonse kuti asamale bambo ake osaona, ndiponso kuti pa mabisiketi a chokoleti palibe wondiposa. Ndalemba nkhaniyi chifukwa mawu amenewa akundidya m'kati, koma mtima woti ndiimirire pamsewu n'kuwatsutsa ndilibe.

Chaka chatha, kutatsala masiku atatu kuti tsiku la Valentayini lifike, ndinapita kusitolo. Chipale chofewa chinali chitaunjikana mpaka m'mawondo m'mbali mwa msewu. Ndikusankha batala, wina anandikoka jasi kumbuyo. Anali Mayi Hatanaka a nyumba yoyandikana nafe, mayi wamasiye amene pakamwa pake sipazizira.

"Eee, katswiri wathu wayambapo!" anatero uku akusuzumira m'dengu langa. "Koko, mazira, shuga, lalanje. Nanga chinsinsi chija wachibisa pati? Zaka zonsezi ndikukupempha, iwe kakaka. Udzapita nacho kumanda."

"Palibe chinsinsi, mayi. N'kungosakaniza basi."

"Bodza! Ine ndinayesa, mpongozi wanga anati ndaphika matayala a njinga." Anaseka mpaka kutsokomola. "Paja Lachisanu kuli chisangalalo kumalo ochezera okalamba. Bambo ako auza aliyense kuti chaka chino utumiza mbale yodzaza. Nkhalamba zakumeneko zayamba kale kutsuka mano oikirira."

Ndinaseka nawo, n'kufulumira kukalipira.

Kunyumba ndinapeza Bambo atakhala pamalo pawo, miyendo ataipisa m'bulangete la tebulo lalifupi lokhala ndi chotenthetsera kunsi. Anali ndi zaka 86. Moyo wawo wonse ankasoka mikeka yoyala m'nyumba, ndipo ngakhale maso anali atafa, zala zawo sizinkakhala chete. Zinkangoyenda m'mphepete mwa tebulo ngati zikufunafuna msoko.

"Fumie, lero ndi pa chiyani?"

"Pa 11, Bambo."

"Kwatsala atatu." Anagwedeza mutu. "Wapositi wadutsa?"

"Wadutsa. Wasiya mapepala otsatsa malonda okha."

Munthu ameneyu sankawerenga masiku a Chaka Chatsopano, ndipo tsiku lawo lobadwa ndinkachita kuwakumbutsa. Koma Febuluwale akangoyamba, ankawerenga ngati mwana wasukulu amene akudikira tchuthi.

2

Lachitatu m'mawa galimoto ya kumalo ochezera okalamba inadzawatenga, monga imachitira katatu pa sabata. Itangokhota pakona, ndinakiya chitseko n'kutseka makatani a kukhitchini.

Nditatsegula uvuni ndinapezamo mapoto akale a malemu Mayi, chivundikiro chopanda mphika wake, ndi kabuku ka malangizo kadakali m'pulasitiki yake. Ndinazitulutsa zonse. Kenako ndinaimika foni pambali pa mtsuko wa shuga, n'kuyamba kuonera mtsikana wina wosekerera amene ankati mabisiketiwa ndi osavuta, ngakhale mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri akhoza kuphika.

Batala anali gwa chifukwa cha kuzizira, ndiye ndinamusungunula pamoto kuti ndifulumire. Ufa wokanda unatuluka wamadzimadzi. Ndinauthira timilu pathireyi n'kulowetsa. Patapita mphindi khumi timilu tonse tinali titagwirana n'kukhala chimbale chimodzi chakuda, utsi uli tolo. Kabelu kochenjeza za moto kanayamba kulira padenga.

Zenera linagogodedwa. "Fumie! Kukupsa kumeneko?"

"Ndi nsomba, mayi. Ndinaiwala nsomba pamoto."

"Nsomba yonunkha chokoleti? Kaya zamakonozi," anatero Mayi Hatanaka, ndipo ndinamva nsapato zawo zikubwerera.

Ulendo wachiwiri ndinawonjezera ufa. Anatuluka ngati miyala ya kumtsinje. Ulendo wachitatu kunja kunapsa koma m'kati muli mwamuwisi. Ndinazimanga zonse m'thumba lakuda, n'kuliika pansi penipeni pa zinyalala, n'kutsegula mazenera onse ngakhale mphepo inkacheka nkhope.

Kenako ndinakhala pansi pakhitchinipo, manja ali koko yekhayekha, n'kuyamba kulira. Kwa zaka khumi ndi chimodzi Bambo ankadya mabisiketi a chokoleti pa 14 Febuluwale, n'kumagawira anzawo imodziimodzi monyadira. Koma ine, katswiri wa mumsewu wathu, ndinali ndisanaphikepo bisiketi ngakhale imodzi chibadwire.

3

M'banja mwathu tinabadwa awiri, ine ndi mng'ono wanga Chizuru. Ndimasiyana naye zaka zisanu ndi chimodzi. Ine ndinatengera Mayi, wofatsa, woyenda m'mbali mwa khoma. Chizuru anatengera Bambo, mutu wouma ndi kuseka kokweza. Ali wamng'ono ankakhala tsiku lonse m'chipinda chosokera mikeka, ndipo Bambo, amene ine ankandithamangitsa ndikangokhudza singano, iye ankamusiya kuseweretsa ngakhale mipeni.

Ali ndi zaka 34 anabwera ndi mwamuna wina dzina lake Norio, mlimi wa malalanje wa ku Uwajima, kutali kummwera. Norio anali atasiyana ndi mkazi wake woyamba. Anagwada pamkeka, mphumi mpaka pansi, koma Bambo sanamuyang'ane n'komwe.

"Munthu amene anataya mkazi mmodzi, wachiwiri angamusunge?" anatero. Kenako anatembenukira kwa Chizuru. "Ukatuluka naye pakhomo apa, usadzapondenso. Dzina lako lisadzamvekenso m'nyumba muno."

Chizuru anatuluka. Chaka chotsatira Mayi anadwala n'kumwalira, ndipo pa maliro mng'ono wangayo anaima kunja kwa kachisi, pamvula, osaloledwa kulowa. Nthawi imeneyo n'kuti ine ndili ndi mwamuna wondifunsira, amene ankafuna tikakhale ku Sendai. Maso a Bambo anali atayamba kuchita chifunga. Ndinamuuza mwamunayo kuti andidikire. Anadikira chaka chimodzi, n'kukwatira wina.

Ndinakhala. Ndinkaphika, kuchapa, kuwameta ndevu, kuwatsogolera kuchipatala. Mawu amene ndinkamva anali akuti, "Msuzi wazizira," kapena "Tiyi wachuluka madzi." Akaodzera masana, nthawi zina ankadzidzimuka n'kuitana dzina lija lomwe analiletsa okha.

Febuluwale woyamba Mayi atamwalira, wapositi anandipatsa phukusi lochokera ku Uwajima. Munali chitini cha mabisiketi a chokoleti, okhuthala, iliyonse ili ndi kadzenje pakati, onunkhira lalanje. Pamwamba panali envulopu yolembedwa kuti "Kwa Bambo". Ndinadziuza kuti ndikatchula mwini wake, Bambo ataya chitini chonse panja. Ndinabisa kalatayo m'kabati yanga, mabisiketi n'kuwaika m'mbale.

Bambo anatenga imodzi. Anaitembenuza m'zala nthawi yaitali, kenako analuma.

"Waphika ndani?"

"Ine," ndinatero. Mawuwo anangotuluka okha.

Anatafuna pang'onopang'ono. Kenako anati, "Akoma. Wachita bwino, Fumie."

Ndinali ndi zaka 42, ndipo aka kanali koyamba kumva mawu amenewa m'kamwa mwawo. Ndinakalowa m'bafa n'kutsegula mpopi kuti asamve kulira kwanga. Chaka chotsatira phukusi linabweranso, ndipo sindinazengereze n'komwe.

Chizuru ankaimba foni. Bambo sankamva bwino kulira kwake, choncho woyankha ndinali ine.

"Achemwali, Bambo alandira?"

"Alandira."

"Anena chiyani?"

"Sananene kanthu. Ukuwadziwa."

"Mungawapatseko foni? Ndingomva mawu awo."

"Agona."

Chaka chachisanu anaimba ali pasiteshoni ya sitima ya kuno, mtunda wa mphindi khumi kuchokera pakhomo pathu. Ndinamuuza kuti dokotala waletsa chilichonse chowadzidzimutsa mtima. Anadikira maola atatu pabenchi, mwina ndisintha maganizo, kenako anakwera sitima yobwerera.

Mafukusi anakwana khumi ndi limodzi. Chaka chathachi ndinkadziwa kuti la khumi ndi chiwiri silibwera. Chifukwa chake ndikuuzani, koma mundilole ndifike kaye pa Lachisanu.

4

Lachinayi Bambo sapita kocheza, ndipo nthawi inali itandithera. Ndinagula batala wina m'sitolo yakutali kuti ndisakumane ndi Mayi Hatanaka, n'kuyamba kuphika masana, Bambo ali m'chipinda choyandikana ndi khitchini.

Tsikuli ndinaleza mtima. Batala ndinamusiya pafupi ndi chotenthetsera m'nyumba mpaka anafewa yekha. Ndinamupakasa ndi shuga mpaka dzanja linawawa, n'kuswerapo dzira. Ndinasefa ufa pamodzi ndi koko, n'kutsina kamchere. Chokoleti ndinachiduladula ndi mpeni, makoko a lalanje n'kuwadula tinyenyeswa, poti kakomedwe kake ndinkakadziwa bwino. Chaka chilichonse ndinkadya imodzi ndili chiimire, ndisanapereke mbale. Ufa wokandawo ndinauika m'firiji theka la ola, kenako ndinabulunga timipira n'kudinda kalikonse pakati ndi chala chachikulu.

Patapita mphindi khumi ndi ziwiri ndinatulutsa thireyi. Anali okhuthala, osweka pang'ono pamwamba, kadzenje kali pakati. Nditalawa, mtima unakhala m'malo. Ndinaganiza kuti ndapulumuka.

"Fumie."

Bambo anali ataima pakhomo la khitchini, dzanja limodzi litagwira khoma. Sindinawamve akubwera.

"Ukuphikira muno chaka chino?"

"Masiku onse ndimaphikira muno, Bambo. Kungoti mumakhala muli kocheza."

Anakweza mphuno, n'kupuma mpweya wautali. "Fungo limeneli sindinalimvepo m'nyumba muno," anatero motsitsa. "Wapositi wadutsa?"

"Wadutsa."

"Sanasiye kanthu?"

"Ayi. Mufuna kulawa imodzi idakali yotentha?"

"Ayi," anayankha mofulumira ngati ndawalozetsa moto. "Mawa. Tsiku lake ndi mawa."

Chakudya chamadzulo anangochitosatosa n'kuika timitengo todyera pansi. Ine ndinaganiza kuti ndi m'mimba.

5

Lachisanu m'mawa ndinawaveka malaya abwino, n'kudzaza mbale yaikulu ya kuchisangalalo. Mabisiketi atatu ndinawaika m'kambale, pamodzi ndi tiyi.

"Chisangalalo chabwino cha Valentayini, Bambo."

Anatambasula dzanja n'kutenga imodzi. Sanaipititse kukamwa. Anaiika pachikhatho, n'kupisa chala m'kadzenje kaja. Anazungulizamo kamodzi, kawiri. Anaibweza n'kutenga yachiwiri, kenako yachitatu. Kenako anakweza mutu.

"Chizuru watani?"

Dzina limenelo linali lisanatchulidwe m'nyumba muno ndi munthu ali maso kwa zaka khumi ndi zitatu.

"Mukuti chiyani, Bambo? Idyani, tiyi azizira."

"Usandipusitse, ndine wakhungu koma si chitsiru. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi anadzicheka chala chachikulu ndi mpeni wanga wodulira mikeka. Ndinamumanga ndine. Chinapola chokhota, chili ndi chipsera. Akadinda pa ufa amasiya kamzere m'mbali. Kamzere kameneko ndakhala ndikukakhudza zaka khumi ndi chimodzi." Anakankha kambaleko. "Ichi ndi chala chako. Mwana wanga watani?"

Ndinagwada pansi patsogolo pawo.

"Munkadziwa?"

"Kuyambira tsiku loyamba. Ndiyankhe, Fumie. Akudwala? Mwamuna uja wamusiya?"

Panja galimoto ya okalamba inaliza hutala. Chitseko chinatseguka, ndipo Mayi Hatanaka anaitana ali pakhonde. "Odi kuno! Mkwati wakonzeka? Atsikana akudikira kumeneko!"

"Sindipita lero," Bambo anakweza mawu. "Tengani mbaleyo mukawapatse."

Ndinanyamula mbale ija n'kukaipereka, nkhope nditaiweramitsa. Galimoto itachoka ndinabwerera n'kugwadanso pamalo pomwe paja.

"Chizuru anamwalira, Bambo. Pa 19 Novembala. Inali khansa."

Sanalire. Zala zawo zija, zimene sizinkakhala chete, zinaima.

"Novembala," anatero. "Pamene unati ukupita kukacheza ndi anzako a kusukulu masiku awiri."

"Ndinapita ku maliro."

"Unandisiyira mpunga m'firiji, n'kupita kukatentha mtembo wa mwana wanga." Anakankhira tiyi kumbali. "Anadwala nthawi yaitali? Bwanji sanatumize mawu?"

Apa ndikanatha kunama. Norio anali kutali, ndipo wakufa sayankhula. Koma mphamvu zonamira zinali zitatha.

"Anatumiza. M'phukusi lililonse munkakhala kalata yanu. Zonse zili m'kabati yanga. Ya chaka chatha inkanena za matendawo. Ankapempha kuti adzakuoneni."

"Unaiwerenga?"

"Ndinaiwerenga."

"Ndiye unatani?"

Ndinawauza zonse. Ndinkadziwa kuti Chizuru akangolowa pakhomo, mawu ake oyamba adzakhala ofunsa za mabisiketi, ndipo bodza la zaka zonsezo lidzaonekera poyera. Ndinati ndiwauza chipale chikasungunuka. Chitasungunuka ndinati mvula ithe kaye. Mvula itatha ndinati udutse kaye mwambo wokumbukira makolo. Mu Okutobala Norio anaimba foni kuchokera kuchipatala. Anati, "Alamu, sangathenso kukwera sitima. Akungofunsa ngati Bambo ayankha. Ngakhale pafoni pokha."

"Unamuyankha chiyani?" Bambo anafunsa.

"Ndinati mwakana."

Anatembenuzira nkhope kukhoma. Kenako anati, "Choka pamaso panga." Munthu wosaona ananena choncho, ndipo ndinachoka.

Masana Mayi Hatanaka anabweza mbale ili yotsukatsuka. "Atha onse, ngakhale nyenyeswa!" anatero. "Akuti a chaka chino aposa zaka zonse. Mwana iwe, Bambo ako ali ndi mwayi."

6

Bambo anakhala masiku awiri osayankhula nane. Chakudya ndinkachisiya patebulo n'kudzachichotsa chili momwemo. Lamulungu masana anandiitana.

"Bweretsa makalata aja. Uwerenge onse, mokweza. Usadumphe liwu."

Ndinakhala moyang'anana nawo n'kuyamba ndi yoyamba. Chizuru ankalemba monga ankayankhulira. Ankasimba za mitengo ya malalanje yomwe ili pamtunda wotsetsereka moti munthu ukagwa ukhoza kukafika kunyanja. Ankasimba kuti Norio anagula mikeka yatsopano, iye n'kuona kuti misoko yake ndi yokhota, mpaka anamubweza wogulitsayo. Apa Bambo anatulutsa kamawu kokhala ngati kuseka. M'kalata yachitatu ananena kuti anapita padera. M'kalata yachisanu ndi chimodzi analemba kuti benchi ya pasiteshoni yathu ndi yozizira, koma sakudandaula. Kupatula yomaliza, kalata iliyonse inkatha ndi mawu omwewo, akuti "Muwathokoze achemwali chifukwa chokusamalani." Mawu amenewa ndinawawerenga kakhumi ndi pakamwa panga.

Ya khumi ndi chimodzi inali yaifupi, zilembo zake zopendekeka.

"Bambo, madokotala akuti mwina ndifika nthawi yokolola malalanje, mwina ayi. Sindikupempha kuti munene kuti ndinachita bwino. Ndikungofuna ndidzakhale nanu patebulo lija ola limodzi. Mukalola, auzeni achemwali andiimbire, ndikwera sitima tsiku lomwelo. Mabisiketi a chaka chino achepa, manja akutopa msanga."

Bambo anatambasula dzanja, ndinawapatsa pepalalo. Analiyala pabondo n'kumalisisita. Apa ndi pamene analira, kulira kwa nkhalamba, kopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka.

"Chaka chatha analipo asanu ndi atatu," anatero atapukuta nkhope. "Zaka zina ankakhala makumi awiri. Ndinawerenga. Ndinadziwa kuti china chake chalakwika, koma sindinafunse."

"Bwanji simunandifunse, Bambo? Zaka zonsezi, bwanji?"

"Ndinalumbira pamaso pa mayi ako kuti dzina lake lisamveke. Ndikanameza bwanji mawu anga? Bodza lako linkandikomera. Ndinkadya za mwana wanga popanda kupepesa." Anapuma movutikira. "Komanso ndinkakuopa. Ndinkati ndikakuyalutsa unyamula chikwama, ndiye wakhungu ngati ine ndidzatsala ndi ndani?"

"Ndiye pamene munkati ndachita bwino, munkanena ine?"

Anapitiriza kusisita pepala lija pabondo.

"Pakamwa ndinali napo, mlandu umenewo ndi wanga," anatero kenako. "Koma sindinakane. Mwana wanga wafa akudziwa kuti bambo ake anamukana ali pabedi la imfa, pamene ine sindinakane. Umenewo ndi wako. Imba foni kwa mwamuna wake."

Ndinaimba, n'kuwagwiritsa foni m'dzanja. Bambo anaweramitsa mutu mpaka mphumi inagunda tebulo, ngakhale Norio sankawaona.

"Ndine Kuwahara," anatero. "Ndine bambo ake a mkazi wanu."

7

Kumayambiriro kwa Malichi tinapita ku Uwajima, ulendo wa tsiku lathunthu. Njira yonse Bambo anagwira chigongono changa chifukwa panalibe china choti agwire. Norio anatichingamira pasiteshoni, munthu wa imvi, wakuda ndi dzuwa. Bambo atangomva mawu ake anasiya mkono wanga n'kutambasulira dzanja komwe kunkachokera mawuwo. Norio anawagwira. Ine ndinkabwera pambuyo ndi zikwama.

Ndinkaganiza kuti tipita kumanda, koma Norio anatilowetsa m'nyumba. Pakaguwa ka m'chipinda chochezera panali chithunzi cha Chizuru akuseka, lubani akufuka, ndi kabokosi kokutidwa ndi nsalu yoyera, momwe munali mtsuko wa mafupa ake.

"Sindinamuike m'manda," Norio anatero. "Anandiuza kuti ndidikire. Anati Bambo ndi ouma mutu koma sadzauma mpaka kalekale."

Ananyamula kabokosiko n'kukaika pamiyendo pa Bambo. Zala zawo zinayenda pansalupo, m'makona monse, pamfundo. Kenako anakakweza pang'ono ngati akuyesa kulemera kwake.

"Wapepuka, mwana wanga," anatero. "Ndabwera. Sindinakane. Ukumva, Chizuru? Sindinakane."

Ine ndinali nditaima pakhomo. Norio anabwera n'kuima pambali panga, maso ali kwa Bambo.

"Alamu," ananong'ona, "sabata yake yomaliza ankati foni ikhale pafupi ndi pilo. Namwino akaisuntha, ankakwiya."

Sanandikalipire tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse, ndipo ndikanakonda akanandimenya mbama.

Bambo adakali moyo. Ndimawasambitsa, ndimawaphikira, ndimawadontheza mankhwala m'maso. Sadandaulanso za msuzi. Chilichonse ndikawachitira amati "Zikomo," mwaulemu, mmene amanenera kwa anamwino kuchipatala. Anagula foni ya mabatani akuluakulu imene imakhala m'thumba la malaya awo, ndipo Norio amawaimbira Lamulungu lililonse. Anauza wapositi kuti kalata iliyonse aziwapatsa m'manja, ndipo amadikira Mayi Hatanaka kuti adzawawerengere. Mayiwo amaganiza kuti ndi nkhalamba chabe imene yayamba makani. Ine sindinawauze chifukwa chake.

Owerenga anzanga, ndikudziwa kuti ambiri mwa inu muli ngati ine. Ndinu amene munatsala pakhomo ena atapita. Ndinu mumachapa zofunda zonyowa, mumayankha foni, mumatsegula chitseko, pamene wokondedwa ndi uja amene amatumiza kaphukusi kamodzi pachaka. Kuwawa kwake ndikukudziwa, ndipo sindikuuzani kuti si kwenikweni. Koma kutopa kwanga ndinakusandutsa chilolezo. Ndinkadziuza kuti ndikuteteza mtima wa Bambo, pamene ndinkateteza mawu atatu okha aja, akuti "Wachita bwino, Fumie," amene sanali anga n'komwe. Ndipo tsiku lililonse ndinkakhulupirira ndithu kuti mawa ndiulula.

Ngati muli ndi uthenga wa munthu wina umene mwausunga, kaperekeni lero, dzuwa lisanalowe, ngakhale mukudziwa kuti ukuyalutsani. Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiola. Amanena zoona. Ine fupalo ndinaliona pa mwambo wa maliro mtembo wa Chizuru utatenthedwa, ndinalitola ndi timitengo n'kuliika mumtsuko ndi manja angawa, ndipo silingamvenso kupepesa kwanga.